Ndili pa masters ku Glasgow: kodi magulu a ophunzira ndi a ana okhaokha?

Funso: "Ndine mayi wa zaka 36, wa ana awiri. Ndinapempha tchuthi cha chaka chimodzi kuntchito ku Lilongwe kudzachita masters ku University of Glasgow. Bambo a kunyumba ndi ana anatsala. Ndinafika mu September, pano ndi November, ndipo kupatula anzanga atatu a m'kalasi amene timangopatsana moni, sindikudziwa munthu. Ndili ku Chanco ndinali mu kwaya, ndinkasewera ntchembere mbaye, kuchipinda kwathu sikunkatha anthu. Kuno ndinapita kamodzi ku msonkhano wa gulu lina la ophunzira, n'kupeza ana okhaokha, msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza. Mtsikana wina anandifunsa mwaulemu ngati ndine mphunzitsi. Ndinaseka, koma sindinapitekonso. Kodi magulu amenewa ndi a digiri yoyamba okha? Ife a masters timaloledwa? Ndipo ngati timaloledwa, n'koyenera munthu wamkulu, wapabanja, kumakhala pakati pa ana? Kapena ndingopirira, poti chimene ndinadzera kuno ndi sukulu?" Mayi wa ana awiri, Glasgow.

Yankho: Achemwali, pepani ndi kupukwako, ndipo mwachita bwino kufunsa. Mumaloledwa. Khadi lanu la sukulu lili ndi mphamvu yofanana ndi la mtsikana anakufunsani uja. Ndagwira ntchito yothandiza ophunzira ochokera kunja kuno ku Scotland kwa zaka zambiri ndithu, ndipo kalendala ikafika pa November ndimadziwiratu kuti pachitseko cha ofesi pagogoda munthu wa nkhani ngati yanuyi. Chisangalalo chokwera ndege chatha, mawotchi anabwezedwa ndi ola limodzi kumapeto kwa October, mdima ukugwa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo ma asayimenti oyamba onse akufunidwa sabata imodzi. Munthu amene ku Lilongwe anali ndi ofesi yake, mpingo wake, zikwati ndi maliro oti apiteko, amapezeka watha masiku atatu osalankhula ndi wina aliyense kupatula wogulitsa mu shopu. Si inu nokha, ndipo si kuti inuyo muli ndi vuto.

Ndikufotokozereni kaye mmene zilili pa Glasgow, chifukwa pamenepo pamasokoneza ndi eni dziko omwe. Mayunivesite ambiri a ku Britain ali ndi bungwe limodzi la ophunzira, koma Glasgow ili ndi anayi. Pali SRC, limene limaimira ophunzira onse kwa akuluakulu a sukulu, ndipo ndi kumene magulu oposa 200 amalembetsa: a zisudzo, a zinenero, a zipembedzo, a anthu ochokera dziko limodzi, ndi ena a zinthu zoti simungaganize n'komwe kuti anthu angakumanire. Pali GUSA, loona za masewera. Kenaka pali nyumba ziwiri zochezera, Glasgow University Union ndi Queen Margaret Union, zokhala ndi mabala, malo odyera, mitsutso ndi zoimbaimba. Onse anayi amalandira a masters ndi a PhD. Mukanabwera kale ndiye chitseko china chikanakhala chotsekadi: Glasgow University Union inakhala ya amuna okhaokha kuyambira 1885, n'kudzayamba kulandira akazi ngati mamembala mu 1980. Lero lamulo la dziko lino, Equality Act ya 2010, limaletsa kusala munthu chifukwa cha zaka zake, monganso limaletsa kumusala chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena poti ndi mkazi. Nkhani ya chilolezo ithere pomwepo.

Chimene chikukukankhirani panja ndi kalendala. Digiri yoyamba ku Scotland ndi ya zaka 4, ndipo ena amaiyamba ali ndi zaka 17 zokha. Magulu onsewa anaumbidwa potsatira moyo wa ana amenewa. Mwana amalowa gulu m'chaka choyamba ali phee kumbuyo, chaka chachiwiri wadziwika, chachitatu ndi msungichuma, chachinayi ndi wapampando. Zisankho za makomiti zimachitika cha mu March kapena April, kusankha oyendetsa gulu chaka chamawa. Inu munafika mu September komiti itakhala kale, ndipo zisankho zina zikamadzabwera mudzakhala mukuwerenga miyezi yobwerera kwanu. Ndiye m'makomiti ambiri mulibe munthu wa masters woti akumbutse anzake kuti, "Anthuni, tikaika msonkhano nthawi imeneyi akuluakulu aja sabwera." Sachitira dala. Sakukuonani basi, chifukwa amene anakutsogolerani onse anangodutsa ngati mame.

Sabata yolandira ophunzira atsopano ija, imene magulu amayala matebulo kukopa anthu, imagwa nthawi imene ambiri ochokera kunja ali pakalikiliki: wina visa yachedwa, wina akusaka nyumba, kutsegula akaunti ku banki, kugula jekete. Lachitatu masana mayunivesite ambiri saika makalasi kuti matimu akasewere, koma mwambo umenewu kawirikawiri umateteza a digiri yoyamba. Wa masters amapezeka ali ndi semina 2 koloko. Ndipo chachikulu simunachione, chikubwera mu May. Mayeso akatha ana aja amalongedza n'kupita kwawo, magulu ambiri amagona mpaka September, pamene inu ndi nthawi imene mudzatsale awiriwiri ndi dissertation, kafukufuku wolemba womalizira masters, popanda kalasi yoti ikutulutseni m'nyumba. Ndimawauza a masters onse kuti kusungulumwa kwa November n'kwamasewera. Kwa July ndiye kumaluma, ngakhale kunja kumawala mpaka 10 koloko usiku. N'chifukwa chake pa zimene musankhe panopa, chimodzi chikhale choti sichitseka ana akapita.

Onjezanipo kulemera kwa sukuluyo. Masters ya chaka chimodzi ndi ma credit 180, ndipo credit imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito. Ndi maola 1,800 amenewo, pafupifupi maola 35 sabata iliyonse chaka chonse popanda tchuthi. N'chimodzimodzi ntchito yolembedwa. Choncho sindikuuzani kuti mulowe magulu asanu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsopano za Chanco. Mukukumbukira kwaya ndi mpira, koma ndikukayika ngati ndi zokhazo zimene zinkakupatsani anzanu. Munali ndi mesho. Munkaima pamzere umodzi ku kafi katatu patsiku, kudandaula ndiwo zomwezo, kutsikira limodzi ku tauni, kudzazana mu Great Hall, zaka zinayi zathunthu, nonse a msinkhu umodzi, nonse opanda ana. Anzanu ankabwera okha chifukwa nkhope zomwezo munkaziona m'mawa ndi madzulo. Kuno mwina muli m'kachipinda kanokha, khitchini mukugawana ndi anthu asanu amene aliyense amaphika nthawi yake n'kukadyera kuchipinda. Chanco imeneyo simuipezanso, ngakhale mutabwerera ku Zomba komweko kukachita masters, poti ambiri a masters kwathu amangobwera kumapeto kwa sabata kapena masabata ochepa n'kuthamangiranso kuntchito. Chotheka ndi kuchita mwadala chimene kale chinkachitika chokha: kuonana ndi anthu omwewo, pamalo omwewo, sabata ndi sabata.

Pali china cha chikhalidwe chimene chinandipweteka ineyo, ndiye ndichinene. Nditangofika kuno, ndili wophunzira pa yunivesite ina, ndinapita ku msonkhano wa gulu lina madzulo. Ndinatchena bwino, ndinafika nthawi yabwino, ndinakhala pampando wa kumbuyo chikwama pamiyendo, kudikira. Kwathu mlendo amadikira. Wapampando amati, "Tili ndi alendo pakati pathu, aimirire tiwaone," anthu n'kuwomba m'manja, wina n'kubwera kudzakufunsa kuti kumudzi n'kuti. Ndinadikira mpaka msonkhano unatha. Anthu anavala majekete awo n'kuuyatsa wa ku bala, mnyamata wina n'kuzimitsa magetsi a mbali imodzi ine ndikadali pampando. Ndinabwerera kunyumba mtima uli phuluphulu, ndikuti anthu awa ndi atsankho. Patapita miyezi, nditazolowerana ndi mmodzi wa iwo, ndinamufunsa. Anadabwa. Anati iwo anaona ngati ndabwera kudzangomvetsera, ndipo kumuimiritsa munthu watsopano pagulu kuno amakutenga ngati kumuchititsa manyazi. Ku bala kuja sanandiitane chifukwa sipakhala kuitana. Aliyense amene anali mu msonkhano amangotsatira. Ine ndinkadikira ulemu wa kwathu, iwo ankandipatsa wa kwawo. Sindikunena kuti tsankho kulibe. Liliko, ndaliona ndi maso angawa. Koma chete wa tsiku loyamba kawirikawiri sakhala tsankho.

Mtsikana anakufunsani ngati ndinu mphunzitsi uja ndikumuona chimodzimodzi. Mwana wa zaka 19 akaona mayi wovala bwino, wodekha, amaganiza za mphunzitsi, poti ndi akuluakulu okhawo amene iye amawadziwa pasukulupo. Linali funso, sikunali kukupirikitsani. Yankho lake n'lalifupi: ayi, ndine wa masters, ndangofika kuchokera ku Malawi. Mudzadabwa kuti dzina la Malawi kuno si lachilendo, chifukwa sukulu ndi mipingo yambiri ya ku Scotland ili pa ubale ndi ya kwathu, ndipo ana ena anakula akumva za Ekwendeni kapena Mulanje. Ife msinkhu timausenza pamutu, chifukwa kwathu ndi umene umanena pokhala, polankhula, ndi woyamba kusamba m'manja. Kuno mwana wa chaka choyamba amaitana pulofesa wa imvi ndi dzina lake loyamba. Poyamba zimamveka zamwano, koma ubwino wake ndi wakuti palibe amene akuwerenga zaka zanu ngati mmene mukuziwerengera inuyo.

Komabe sindikunamizani kuti gulu lililonse likuyenerani. Pali magulu amene amakumana kuti achite chinthu, ndi ena amene chinthucho n'chongophimbira, cholinga chili ku mowa. Achiwiriwa asiyeni, mukatopa nawo, iwonso akamangika nanu. M'magulu oyambawo ndi mmene msinkhu umaiwalika. Mu kwaya palibe amene amafunsa zaka za alto, amangofuna amve ngati mawu akugwira. Inu zinthu ziwiri muli nazo kale m'manja. Pa kwaya dziwani kuti ena amayesa mawu polowa, ndipo amafuna munthu wowerenga manoti a pamizere, pamene ambiri a ife tinakulira pa do-re-mi ndi khutu. Funsani musanapite. Alipo makwaya osayesa munthu, pasukulu ndi mu mzinda momwe, ndipo a mu mzindawo ali ndi anthu a misinkhu yonse.

Ntchembere mbaye ndiye musaitaye. Makalabu a masewera pa yunivesite amasankha matimu opikisana kumayambiriro kwa chaka, mwayi umenewo wadutsa, koma ambiri amakhalanso ndi gawo la ongosewera mosangalala, lopanda kusankha. Masewera ali ndi mtengo wake: mumalipira kaye umembala wa malo a masewera a yunivesite, kenaka wa kalabuyo. Ngati thumba silikulola, kapena mukufuna amayi anzanu, bungwe la Netball Scotland lili ndi pulogalamu yotchedwa Bounce Back to Netball, ya amene anasiya kalekale kusewera ndipo akufuna kuyambiranso, m'maholo a m'madera. Kumeneko mukapeza anamwino, aphunzitsi, amayi a ana atatu, ena mawondo akulira kuposa anu. Mukangotchula Malawi, okonda mpirawu akakumbuka ma Queens, amene anathera pa nambala 5 pa masewera a Commonwealth a 2014 mu Glasgow momwemo. Mungokonzeka, akayembekezera kuti nanunso ndinu katswiri.

Mukamva kuti kwinakwake kuli ceilidh, amatchula kuti keli, pitani. Ndi gule wa eni dziko, wa vayolini ndi akodiyoni, ndipo pamakhala munthu wofuula masitepe nyimbo isanayambe. Mumagwirana manja ndi aliyense, agogo ndi ana omwe, kusinthana, kuzungulira mpaka thukuta kamukamu. Aliyense amasokoneza, ndiye palibe woseka mnzake. Muvale nsapato zafulati.

Palinso malo amene anakonzera inuyo. M'nyumba yaikulu yakale ya yunivesite, ya nsanja ija, muli Gilchrist Postgraduate Club, malo a ophunzira a masters ndi a PhD, okhala ndi khofi, chakudya, powerengera ndi zochitika zamadzulo. Dzinalo ndi la Marion Gilchrist, mkazi woyamba kulandira digiri pa yunivesiteyo, ya udokotala, mu 1894. Langizo langa n'lachikale: sankhani tsiku ndi ola, muzikawerengera pamenepo sabata iliyonse, tebulo lomwelo ngati n'kotheka. Pofika sabata yachinayi mudzakhala mukugwedezerana mutu ndi anthu awiri atatu, ndipo tsiku lina wina adzakupemphani kuti mumuonerere laputopu ataluka kaye pang'ono. Kudziwana kwa akuluakulu kumayambira pa tinthu topanda pake ngati timeneti. Kulinso Mature Students' Association, bungwe la amene anabwerera kusukulu atakula, kumene nkhani ya ana ndi fizi si yachilendo. Ndipo ngati kalasi yanu ilibe woiimira kwa aphunzitsi, dziperekeni. Udindo umenewu umakupatsani chifukwa cholankhulira ndi aliyense m'kalasimo, ndipo kwa munthu amene wayendetsapo misonkhano ku ofesi ndi wophweka ngati kumwa madzi.

Anzanu atatu opatsana nawo moni aja musawapeputse. Mwina wina ndi wa ku China, wina wa ku India kapena ku Nigeria, ndipo usiku nawonso tulo sitibwera. Kuno mawu akuti tidzaonane tsiku lina ndi moni chabe. Kuitana kwenikweni kumakhala ndi tsiku ndi ola. Auzeni kuti Loweruka 6 koloko mukuphika za kwanu. Ufa woyera umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa, nyemba ndi masamba zili paliponse. Mufunsiretu amene sadya nyama kapena nkhumba. Aphunzitseni kutema nsima ndi kuumba mbamu, muwaseke pang'ono akamapsa zala. Ndaona timagulu totere tikunyamulana mpaka tsiku lopereka dissertation.

Kunja kwa sukulu ndi kumene kuli zinthu zosatseka mu May. Ngati ndinu a CCAP, mukalowa mu Church of Scotland mwafika kwa agogo, poti sinodi ya Blantyre inachokera ku mishoni ya mpingo umenewu ya 1876, ndipo nyimbo zina mukazizindikira ndi chuni. Mukapeza mipando yambiri yopanda anthu, mitu ya imvi, ndi mapemphero a ola limodzi ndendende. Musathawe akangodalitsa. Tiyi wa pambuyo pa mapemphero ndi pamene anthu amadziwana, ndipo agogo a ku Glasgow kucheza amakutha. Akatolika, Asilamu, a Seventh Day ndi a Pentekoste onse ali ndi kwawo mu mzindawu, ndipo ofesi ya abusa a pa yunivesite imalozera aliyense posayang'ana chipembedzo.

Amalawi aliponso. Maboma a Malawi ndi Scotland anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, amene ankatsogolera boma la Scotland, ndipo bungwe la Scotland Malawi Partnership, limene lili ku Edinburgh, limachititsa misonkhano yokumanitsa anthu a mbali ziwirizi. Kudzera kumeneko mukhoza kulumikizana ndi Amalawi okhala kuno, amene amakumananso pokumbukira ufulu wa pa 6 July, nthawi yomwe ija mudzafunitsitse kumva Chichewa. Tsiku lina mukwere sitima pa Glasgow Central mupite ku Blantyre mwini wake, kwawo kwa David Livingstone. Ndi ulendo wosakwana theka la ola. Koma ndinene mosabisa. Amalawi ambiri okhazikika kuno amagwira ntchito za mashifiti, usana ndi usiku, ndiye akapanda kuyankha foni si matama. Ndiponso musadzitsekere mwa Amalawi okhaokha. Chichewa chimatsitsimula mtima, inde, koma ndi mudzi waung'ono umenewu, ndipo nkhani ya mayi wapabanja amene waoneka kwakutikwakuti imafika ku Area 25 mwini wake asanafike pakhomo.

Pamenepa ndafika pa funso lanu lakuti n'koyenera kodi. N'koyenera, koma bambo a kunyumba asamvere kwa anthu kapena kuonera pa Facebook. Kuyambira January 2024 ambiri ochita masters ya m'kalasi saloledwanso kubwera ndi mabanja awo, ndiye mabanja otalikirana chonchi achuluka, ndipo chimene ndaona chikuwagwedeza si kwaya kapena mpira ayi, ndi kubisa, ndi zithunzi zofika popanda mawu. Auzeni ndandanda yanu: Lachiwiri ndili ku kwaya, Lachinayi ku mpira. Chithunzi muziyamba kutumiza ndinu. M'nyengo yozizira Malawi imakhala patsogolo ndi maola awiri, choncho ikamakwana 7 koloko madzulo kuno, ana kwanu akugona. Muziimba musanatuluke, osati mutabwerako. Ndaonanso amayi odzilanga okha, akuti poti ndasiya ana sindiyenera kuseka. Ana anu sapindulapo kanthu mayi awo akamafota ku Glasgow.

Za mowa. Macheza ambiri kuno amathera ku bala, nthawi zina ndi a kwaya omwe. Mayi kulowa mu bala kuno sizitanthauza zimene zimatanthauza kwathu. Anthu amadyeramo chakudya, ena amangomwa tiyi kapena Irn-Bru, chakumwa chosaledzeretsa cha kuno. Wina akakukakamizani kumwa, gulu limenelo si lanu. Chochenjera nacho ndi mwambo wogulirana: wina akagulira tebulo lonse, akuyembekezera kuti nanunso mugula, ndipo ndalama ya ndiwo za sabata yonse ikhoza kuthera patebulo limodzi. Nenani poyambirira kuti mudzigulira nokha, palibe amene angadabwe. Chakumwa chanu musachisiye patebulo n'kuchokapo.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi visa, chifukwa mayesero ake amabwera ndi macheza omwewa. Visa ya wophunzira imalola ntchito yolembedwa yosapitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo kwa a masters miyezi ya dissertation nthawi zambiri imawerengedwa kuti sukulu ikadali mkati. Geni ya inu nokha siilola ngakhale pang'ono. Ndiye anzanu akakonda mandasi anu n'kuyamba kuitanitsa kuti alipira, kapena atsikana akamva kuti mumaluka tsitsi, dziwani kuti mukalandira ndalama pamenepo, pamaso pa a zolowa ndi kutuluka ndi bizinesi imeneyo. Kuimba kolipidwa ndi kusewera mpira kolipidwa n'koletsedwanso. Ngakhale ntchito yongodzipereka ili pawiri: kuthandiza mwa apo ndi apo popanda pangano sikuwerengedwa, koma ya maola oikika ndi udindo wokhazikika ikhoza kulowa m'maola 20 aja. Musanavomere chilichonse, funsani alangizi a ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu. Safunsa anadya phula.

Palinso timagulu tachipembedzo timene timasaka ophunzira osungulumwa. Amayamba ndi kukoma mtima ndi kuphunzira Baibulo awiriwiri, kenaka amafuna masiku anu onse, dzina la mpingo wawo osalitchula, n'kumakuuzani kuti musauze abale. Gulu lobisa dzina lake lithaweni. Kwa a PhD amene akuwerenga nawo ndipo amaphunzitsako a digiri yoyamba: mukapezeka mu kalabu imodzi ndi mwana amene mukuchonga mapepala ake, auzeni akulu a kosiyo.

Kupukwa wamba kumachepa munthu akayamba kutuluka. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposa tulo sitikubwera kapena mukungogona, chakudya sichikulowa, misozi ikungotsika, mwayamba kujomba makalasi, kapena mukuwerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu, imeneyo si nkhani ya kalabu ayi. Pitani kwa dokotala, amene kuno amati GP. Ngati simunalembetse, lembetsani sabata ino. Ndalama ya zaumoyo inalipiridwa kale pofunsira visa, ndipo mankhwala olembedwa ndi dokotala ku Scotland ndi aulere. Yunivesite ili ndi aphungu a zamaganizo, aulere, osunga chinsinsi, koma mzere umatalika mayeso akayandikira, ndiye lembetsani msanga. Muuzeninso mlangizi wanu wa maphunziro zinthu zisanafike poipa, chifukwa kupempha masiku owonjezera tsiku lopereka ntchito lisanakwane n'kosavuta kusiyana ndi kukafotokoza mutalephera kale. A zaumoyo kuno amalangiza kumwa vitamini D, ma microgram 10 patsiku, kuyambira October mpaka March, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Sachiza kusungulumwa, koma kufooka kwina kumachokera pamenepo. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera musadikire kuti kuche: a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu osweka mtima, amayankha pa 116 123 usana ndi usiku mwaulere, a zaumoyo a NHS 24 pa 111, ndipo pangozi ndi 999. Gulu lina likakukanani chifukwa cha msinkhu kapena khungu, kapena wina akamakuvutitsani, SRC ili ndi ofesi ya uphungu yosayendera maganizo a akuluakulu a sukulu. Lembani tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa, mupite nazo.

Mu January semesita yachiwiri ikamayamba magulu ambiri amakopanso anthu, ndipo pamakhala ena ongofika kumene. Koma musadikire January. Sabata ino lemberani kwaya imodzi ndi a mpira, pa imelo kapena pa Instagram, poti ndi kumene ana amenewa amayankha msanga. Nenani kuti ndinu wa masters, munaimbapo ndipo munasewerapo, mukufuna kubwera sabata yamawa, ndiye akuuzeni woti mukamufunse pakhomo. Mukakhala ndi dzina la munthu mmodzi pakamwa, simulowanso ngati mlendo wodikira kuimiritsidwa. Mupite kanayi musanagamule. Ulendo woyamba mudzabwerako mukuti sindipitakonso, monga munachitira paja. Wachiwiri wina adzakumbukira nkhope yanu. Cha pa wachinayi mukajomba adzafunsa kuti amayi a ku Malawi aja ali kuti. Ndipo Loweruka lililonse 9:30 m'mawa ku Victoria Park, mu Glasgow momwemo, kumakhala parkrun, makilomita 5 aulere, othamanga ndi oyenda omwe, chaka chonse, ndi July yemwe. Mulembetse pa intaneti, barcode yanu muisunge pa foni, ndipo muvale magolovesi, chifukwa chisanu cha m'mawa wa December chimayambira ku zala.